Chombo choyenda pansi pa madzi chopanga wekha: zoopsa zimene thupi limakumana nazo

Pa intaneti sipasowa makanema a anthu amene adzipangira okha chombo choyenda pansi pa madzi, chija pa Chingerezi amati submarine. Ena amawotcherera migolo, ena amagwiritsa ntchito thanki yakale ya gasi, n'kuikamo mabatire, kapampu ndi kazenera kosuzumirapo. Mu 2009, bambo wina wa ku China anatchuka m'nyuzipepala atapanga chombo chotere ndi migolo yakale ya mafuta, n'kukachiyesa m'madzi kufupi ndi mzinda wa Beijing. Ozembetsa mankhwala osokoneza bongo a ku South America nawonso amapanga zawo mobisa. Mu Novembala 2019, apolisi a ku Spain anagwira chimodzi m'chigawo cha Galicia chitawoloka nyanja ya Atlantic ndi matani pafupifupi 3 a cocaine.

Makanemawa amaonetsa munthu akulowa, chombo chikumira, kenako n'kuvuuka anthu akuwomba m'manja. Saonetsa zimene zimachitika m'mapapo, m'magazi ndi mu ubongo wa amene watsekeredwa mkatimo. Zambiri zimene zimapha munthu m'chombo chotere zimayamba pamadzi osazama n'komwe, ndipo zina mwa izo thupi silichenjeza zisanafike poipa.

Kulemera kwa madzi

Tikakhala pamtunda, mpweya wotizungulira umapanikiza thupi ndi mphamvu yofanana ndi kilogalamu imodzi pakamalo kakang'ono ngati chikhadabo cha chala. Sitimva kanthu chifukwa tinazolowera. Madzi ndi olemera kwambiri kuposa mpweya, moti mamita 10 alionse amene mwatsika amawonjezera mphamvu ina yofanana ndi imeneyi. Pamamita 10, kupanikizako kumakhala kuwirikiza kawiri kwa pamtunda, pamamita 20 katatu, pamamita 30 kanayi. Pamalo ozama kwambiri a nyanja ya Malawi, mamita pafupifupi 700, kumawirikiza maulendo pafupifupi 70.

Mgolo wa mafuta kapena thanki ya gasi anazipanga kuti zizisunga zinthu zokankha kuchokera mkati. Pansi pa madzi mphamvu imachokera kunja, ndipo chitsulo chopyapyala chimatha kuphwanyika ngati chitini chopondedwa. Pamene chitsulo chapindika pang'ono, pamene powotcherera pali kabowo kosaoneka ndi maso, kapena pamene padutsa waya ndi paipi, ndi pamene vuto limayambira. Chombo sichiphwanyika pang'onopang'ono kuti munthu aone n'kuthawa. Chikagonja, chimagonja nthawi imodzi.

Mazenera ndi malo ena ofooka. Zombo zopangidwa ndi akatswiri zimakhala ndi mazenera a pulasitiki yokhuthala ya mtundu wa acrylic, yoyesedwa motsatira malamulo ake. Galasi wamba limasweka mosachenjeza.

Chitseko chimene sichitseguka

Anthu ambiri amaganiza kuti zinthu zikavuta pamamita awiri kapena atatu angotsegula chitseko n'kusambira. Tiyeni tiwerengetsere. Chitseko chozungulira chotambalala masentimita 50 chikakhala mita imodzi yokha pansi pa madzi, madzi amachitsindira ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 200. Amenewo ndi matumba anayi a chimanga a makilogalamu 50 atasanjikizana pachitsekopo. Pamamita 10 ndi matani pafupifupi 2, kapena kuti matumba 40. Palibe munthu amene angakankhe zimenezo atagona m'kachipinda kothina.

Palinso vuto la kumira kosabwezeka. Chombo chimamira madzi akalowetsedwa m'matanki ake, ndipo chimayandama mpweya ukakankhira madziwo kunja. Chikamatsika, mpweya wotsala m'matankimo umafinyika, madzi ena amalowa, chombo chimalemera, n'kumatsika mofulumira kuposa poyamba. Kabowo kamene pamwamba kamangodontha kamayamba kulavula madzi mwamphamvu. Pampu ikafa kapena valavu ikakanika panthawi imeneyi, chombo chimakaima pokhapokha chikagunda pansi.

Mpweya umene timapumira kunja

M'chipinda chotsekeka, chimene chimayamba kuvulaza munthu nthawi zambiri ndi mpweya wa carbon dioxide umene iye mwini amatulutsa popuma. Panja, mpweyawu umakhala wochepa kwambiri, pafupifupi 0.04 peresenti ya mpweya wonse. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa malita pafupifupi 15 a mpweyawu pa ola.

Tiyerekeze chombo chokhala ndi malo a mpweya ofanana ndi migolo isanu ya malita 200, kutanthauza malita 1,000. Pakatha ola limodzi, carbon dioxide amakhala atafika 1.5 peresenti, ndipo pakatha maola awiri, 3 peresenti. Munthu akamagwira ntchito, kunjenjemera kapena kuchita mantha, amatulutsa mpweyawu mowirikiza. Akakhala awiri, nthawi imafupikanso ndi theka.

Pa 2 mpaka 3 peresenti, mutu umayamba kuwawa, kupuma kumafulumira ndipo mtima umagunda kwambiri. Akatswiri a zachitetezo pantchito ku America amaika 4 peresenti ngati mlingo umene moyo wa munthu uli pachiswe nthawi yomweyo. Kupitirira 5 peresenti, munthu amasokonezeka mutu ndi kuchita chizungulire. Ukayandikira 10 peresenti, amakomoka m'mphindi zochepa. Choopsa n'chakuti ubongo umafooka panthawi yomwe woyendetsa akufunika kukumbukira valavu yoyenera kutsegula.

Akatswiri amachotsa mpweyawu poudutsitsa m'mankhwala ooneka ngati timiyala, monga soda lime. Mankhwalawa amatha mphamvu akagwira ntchito nthawi yaitali, ndipo sagwira bwino kukazizira. Izi zinaoneka mu Juni 1973, pamene chombo chofufuzira cha Johnson Sea Link chinakodwa m'zotsalira za sitima yomira kufupi ndi Key West ku Florida, pamamita pafupifupi 110. Chinakhala pansi kupitirira tsiku lathunthu. Anthu awiri amene anali m'chipinda chakutsogolo anapulumuka. Awiri a m'chipinda chakumbuyo, chomwe chinali cha aluminiyamu ndipo chinazizira kwambiri, anafa ndi carbon dioxide. Mmodzi mwa iwo anali Edwin Clayton Link, mwana wa amene anapanga chombocho.

Okosijeni akachepa, okosijeni akachuluka

Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 peresenti. Akatsika pansi pa 19.5 peresenti, malowo amaonedwa kuti si abwino kugwiramo ntchito. Pa 16 peresenti, munthu amayamba kuganiza mochedwa ndi kulephera kugwira zinthu bwino. Pansi pa 10 peresenti amakomoka, ndipo akatsika kupitirira apo, imfa imabwera m'mphindi zochepa.

Pali chinthu chimene ambiri sachidziwa. Kubanika kumene timamva tikagwira mpweya kumabwera makamaka chifukwa cha kuchuluka kwa carbon dioxide m'magazi. Thupi silimva msanga kuchepa kwa okosijeni. Choncho munthu amene waika mankhwala ochotsa carbon dioxide m'chombo chake, koma alibe njira yodalirika yowonjezera ndi kuyeza okosijeni, akhoza kumadzimva kuti ali bwino, mwinanso kumasangalala, mpaka kukomoka osadziwa. N'zofanana ndi zimene zimachitikira ena olowa m'zitsime zakuya kapena m'matanki otsekeka.

Kutsegula silinda ya okosijeni mongoganizira kumabweretsa ngozi ina. Okosijeni akapitirira 23.5 peresenti, zinthu zimayaka mosavuta ndiponso mofulumira. Zovala, tsitsi, girisi ndi pulasitiki wokuta mawaya zimatha kugwira moto chifukwa cha kuthetheka kwa waya mmodzi. Pa 27 Januwale 1967, akatswiri atatu a zamlengalenga a ku America anafa m'chombo cha Apollo 1 panthawi yoyeserera chili pansi, moto utabuka m'chipinda chodzaza okosijeni, ndipo chitseko sichinatheke kutseguka msanga.

Mabatire, injini ndi utsi

Zombo zambiri zopanga pakhomo zimayendera mabatire ngati a galimoto. Mabatirewa amatulutsa mpweya wa hydrogen, makamaka pamene akutchajidwa. Mpweyawu ulibe fungo kapena mtundu, ndipo ukafika 4 peresenti m'chipinda ukhoza kuyaka ndi kuphulika. Madzi amchere akakhudza mabatire ndi mawaya amoyo, pamatha kutuluka mpweya wa klorini, umene umawotcha maso, kukhosi ndi mapapo. Chombo chikapendekeka, asidi wa m'batire amatha kutayikira munthu. Mabatire a lithium akaphwanyika kapena kutentha kwambiri amayaka moto wovuta kuzimitsa, wotulutsa utsi wapoizoni.

Ena amaikamo injini ya petulo kapena dizilo yoyendera pamwamba pa madzi. Utsi wake uli ndi carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mazenera. Mpweyawu umakakamira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Zizindikiro zake ndi mutu, mseru, kufooka ndi tulo, zimene munthu angaziyese chizungulire wamba cha pamadzi.

Kuzizira

Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira kuposa mpweya maulendo pafupifupi 25, ndipo chitsulo cha chombo chimazizira mofanana ndi madzi ochizungulira. Kutentha kwa thupi kukatsika kuchoka pa madigiri 37 kufika pansi pa 35, munthu amanjenjemera, zala zimauma, lilime limalemera ndipo maganizo amasokonezeka. Kukapitirira kutsika, kunjenjemera kumasiya, amagona, ndipo mtima umayamba kugunda mosalongosoka. Ngakhale madzi ofunda a madigiri 22 kapena 23 amatha kuziziritsa thupi moopsa munthu akakhalamo maola ambiri atanyowa.

Kuthawa kuli ndi zoopsa zake

Kuti chitseko chitseguke pansi pa madzi, mphamvu ya mkati ndi ya kunja ziyenera kufanana. Kutanthauza kuti wotsekeredwayo ayenera kulowetsa madzi dala m'chombo, mumdima, n'kudikira kuti afike m'khosi. Madzi akamakwera, mpweya wotsala umafinyika. Carbon dioxide kapena utsi uliwonse umene unali mkatimo umagwira thupi mwamphamvu kuposa poyamba. Kachikopa ka mkati mwa khutu kamatha kung'ambika, zimene zimabweretsa ululu ndi chizungulire moti munthu sadziwanso kumwamba ndi kuti.

Akatuluka, mapapo ake amakhala atadzaza mpweya wofinyika. Mpweya umene wapumidwa pamamita 10 umafufuma kuwirikiza kawiri pofika pamwamba. Munthu wamantha amagwira mpweya pokwera, ndipo timatumba ta m'mapapo timang'ambika. Izi zingachitike ngakhale pokwera mita imodzi kapena awiri okha. Mpweya ukalowa m'mitsempha ya magazi umapita ku ubongo n'kutseka njira ya magazi, ndipo zotsatira zake zimafanana ndi sitiroko: kukomoka, kugwa khunyu, kufa mbali imodzi ya thupi kapena kulephera kulankhula, nthawi zambiri pasanathe mphindi 10 chivuukireni.

Amene wakhala nthawi yaitali akupuma mpweya wofinyika ali ndi vuto linanso. Mpweya wa nitrogen umasungunuka m'magazi ndi m'minofu. Akakwera mofulumira, umapanga thovu ngati botolo la chakumwa chagasi likatsegulidwa mwadzidzidzi. Zizindikiro zake ndi kuphwanya m'malo olumikizana mafupa, dzanzi, zidzolo, kufooka kwa miyendo, kulephera kukodza ndi kupuma movutikira. Zimayamba pakapita mphindi kapena maola, nthawi zina mpaka tsiku lathunthu. Vutoli limakhudzanso zombo zosavuta kupanga zija zotseguka kunsi, zimene woyendetsa amapuma mpweya wotsekeredwa pamwamba, chifukwa thupi lake limapanikizika mofanana ndi la munthu wosambira pansi pa madzi.

Nthawi yoyesa

Mbiri imaonetsa kuti zombo zatsopano zapha anthu ambiri panthawi yoziyesa. Chombo cha H. L. Hunley, choyendetsedwa ndi anthu opukusa chitsulo ndi manja, chinapangidwa mu 1863 panthawi ya nkhondo yapachiweniweni ku America. Pa 29 Ogasiti 1863 chinamira ku Charleston n'kupha anthu 5. Anachivuula, koma pa 15 Okutobala chinamiranso n'kupha onse 8, kuphatikizapo Horace Hunley amene chombocho chinatchedwa dzina lake. Pa 17 Febuluwale 1864 chinamiza sitima yankhondo ya Housatonic, koma nacho sichinabwerere, ndipo anthu ena 8 anafa. Onse pamodzi ndi 21, ndipo 13 mwa iwo anafa kunja kwa nkhondo.

Chitsanzo cha posachedwa ndi Titan, chombo cha kampani ya OceanGate. Sichinapangidwe kuseri kwa nyumba, koma eni ake sanachipereke ku bungwe loima palokha kuti lichiyese ndi kuchivomereza. Mbali yaikulu ya thupi lake inali ya carbon fibre, pamene zombo zina zopita kozama chotero zimapangidwa ndi zitsulo zolimba monga titanium. Mu 2018, mkulu wina wa pakampanipo, David Lochridge, anachotsedwa ntchito atadandaula za chitetezo, ndipo chaka chomwecho akatswiri ena a ntchitoyi analemba kalata yochenjeza. Pa 18 Juni 2023, Titan inaphwanyika ikutsikira ku zotsalira za sitima ya Titanic, zimene zili pamamita pafupifupi 3,800 m'nyanja ya Atlantic. Anthu onse 5 anafa nthawi yomweyo, kuphatikizapo mkulu wa kampaniyo, Stockton Rush, ndi Suleman Dawood, mnyamata wa zaka 19. Lipoti la US Coast Guard la mu Ogasiti 2025 linati ngoziyi ikanatha kupewedwa.

Titan inali itafikapo kale pa Titanic maulendo angapo. Ulendo uliwonse wopita pansi umafinya ndi kumasula thupi la chombo, ndipo ming'alu yosaoneka imakula pang'onopang'ono. Kuvuuka bwino dzulo si umboni woti chombo chipirira lero.

Adzakuvuulani ndani?

Pa 29 Ogasiti 1973, chombo cha Pisces III chinamira kufupi ndi dziko la Ireland chikugwira ntchito yoyala waya wa telefoni pansi pa nyanja. Roger Chapman ndi Roger Mallinson anatsekeredwa pamamita pafupifupi 480. Panafunika sitima zingapo, zombo zina zoyenda pansi pa madzi ndi makina ochokera ku Britain, Canada ndi America kuti awavuule. Anatuluka pa 1 Seputembala, patatha maola 76, atatsala ndi okosijeni wa mphindi 12 zokha. Anapulumuka chifukwa anali ophunzitsidwa, anali ndi mpweya wapadera, ankalankhulana ndi a pamwamba ndipo ankadziwa kusunga mphamvu.

Woyesa chombo padamu kapena m'mbali mwa nyanja amakhala ndi anzake ochepa ndi chingwe. Chombo chodzaza madzi chimalemera matani, moti anthu sangachikoke ndi manja. Foni ndi wailesi wamba sizigwira pansi pa madzi. M'madzi amatope, ngakhale kuchipeza kumene kumavuta. Pomwe ubongo umayamba kuwonongeka pakatha mphindi 4 mpaka 6 wopanda okosijeni. Anzake amene amadumphira m'madzi opanda zipangizo amatha kukhala ovulala achiwiri.

Mmene akatswiri amachitira

Zombo zonyamula anthu zimawunikidwa ndi mabungwe monga DNV, Lloyd's Register ndi American Bureau of Shipping, kuyambira pamapulani mpaka pomaliza. Mtundu wa chitsulo umadziwika, ndipo powotcherera paliponse pamaunikidwa ndi makina oona ming'alu yamkati. Chombo chimayesedwa mopanda munthu, pakupanikiza kopitirira kumene chidzakumane nako pantchito. Mkati mumakhala makina oyeza okosijeni ndi carbon dioxide, mpweya wapadera wokwanira masiku atatu kapena anayi, zopumira za nthawi ya moto, ndi zolemera zotha kugwetsedwa ndi dzanja kuti chombo chiyandame ngakhale magetsi atazima. Pamwamba pamakhala boti lokhala ndi makina onyamulira, osambira ophunzitsidwa ndi dongosolo lolembedwa la chochita zinthu zikavuta.

Luso lowotcherera ndi chidwi pazokha sizingalowe m'malo mwa zonsezi. Kwa ophunzira ndi amisiri ofuna kudziwa za pansi pa madzi, njira yotetezeka ndi kupanga kachombo kakang'ono kopanda munthu, koyendetsedwa ndi waya kuchokera kumtunda, kokhala ndi kamera. Sukulu zambiri kunja zimapanga totere ndi mapaipi a pulasitiki ndi timamota tating'ono. Kakamira, chotayika ndi ndalama basi.

Thandizo loyamba

Munthu akavuulidwa, itanani thandizo lachipatala nthawi yomweyo. Ngati sakupuma, mutsegulireni njira ya mpweya, mumuuzire mpweya m'kamwa, kenako muzisinikiza pakati pa chifuwa ka 30 ndi kumuuzira mpweya kawiri, mobwerezabwereza, pa liwiro la maulendo 100 mpaka 120 pamphindi. Musataye nthawi pofinya mimba kuti madzi atuluke.

Ngati akupuma koma wakomoka, mugonekeni chammbali. Ngati ali maso koma akudandaula za dzanzi, kufooka, chifuwa kapena kuphwanya m'mafupa, mugonekeni mowongoka osamuyendetsa, ndipo apatsidwe okosijeni mwamsanga pamene alipo. Muvuleni zonyowa, mumufunditse, ndipo musamupatse mowa. Musamubwezere m'madzi poganiza kuti thovu la m'magazi lisungunuka.

Aliyense amene watsamwa madzi, wapuma utsi kapena wakwera mofulumira kuchokera pansi ayenera kukaonedwa kuchipatala ngakhale akuoneka kuti ali bwino, chifukwa mavuto a mapapo ndi a mitsempha amatha kuonekera pakapita maola. Auzeni achipatala kuzama kumene anafika, nthawi imene anakhala pansi, mmene anakwerera, ndiponso ngati munali injini kapena mabatire. Matenda a thovu m'magazi amachiritsidwa m'chipinda chapadera chopanikiza mpweya, chimene chimapezeka m'zipatala zochepa, ndipo amene akuganiziridwa kuti ali ndi vutoli asakwere ndege wamba popanda chilolezo cha dokotala.